Masiku a mlendo ndi owerenga: za ulendo wokadinditsa pasipoti

FÍNGOÈ — Munthu wa ku Malowera akafuna kukagula feteleza, kukagulitsa nkhuku kapena kukaona mlongo wake amene anakwatiwa ku Zambia, sadzuka ndi nkhawa ya mapepala. Amapopa njinga, n'kudzera kanjira komwe ankadzera agogo ake, ndipo dzuwa likamapendeka amakhala wafika kale pakhomo pake. Malire amadziwa kuti alipo, mwinanso angathe kuloza pamene akuti dziko linalo layambira, koma palibe amene anamufunsapo kuti walowa liti ndipo atuluka liti.

Chizolowezi chimenechi n'chimene chikugwetsa m'mavuto ana ambiri a m'boma la Marávia akapita kutali. Kumene kuli geti, mbendera ndi munthu wa yunifolomu atakhala kuseri kwa galasi, mlendo amapatsidwa masiku owerenga. Pali tsiku lolowera, pali tsiku lotulukira, ndipo zonse zimalembedwa m'pasipoti ndi m'kompyuta momwe. Pofuna kuti masikuwo asawathere ali m'dziko la eni, anthu anapeza njira imene aliyense wa ku Joni amaidziwa: kukwera galimoto mwezi ndi mwezi kupita ku malire, kutuluka, n'kulowanso kuti apatsidwe masiku atsopano. Kumeneko ndiko amati kukadinditsa.

Makolo ambiri kuno kumudzi amangomva mwana akunena pa foni kuti mwezi uno ndalama satumiza chifukwa akupita kukadinditsa. Ena amayesa kuti ndi bodza la anyamata. Si bodza ayi. Koma nkhani yake ndi yozama kuposa momwe anawo amafotokozera.

Kuti munthu wa kuno asaope malire n'zosadabwitsa. Mzere umene ukulekanitsa Marávia ndi maboma a kum'mawa kwa Zambia unachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo amene analisayina sanafunse mfumu ina iliyonse ya kuno. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, mbali ino ya Tete, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ndi pamene Undi anasamukira ku dziko limene lero ndi Zambia. N'chifukwa chake chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu ndi anthu awo amanyamuka kuno kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete. Mu 2007 atsogoleri a mayiko atatu, a Armando Guebuza, a Levy Mwanawasa ndi a Bingu wa Mutharika, anakhala pamodzi pa mwambo umenewu. Munthu amene amavina gule mmodzimodzi ndi a tsidya lija, maliro n'kulirira limodzi, n'kovuta kumuuza kuti kumeneko ndi kunja.

Komabe mapepala si chinthu chachilendo kwa akuluakulu. Amene anathawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi n'kupita ku mapulazi a fodya ku Rhodesia amakumbukira chitupa, chimene munthu ukapezeka ulibe unkagona m'chitokosi. Amakumbukira Mthandizi. Amene anakula dziko litalandira kale ufulu amakumbukira guia de marcha, kalata imene inkafunika ngakhale poyenda m'dziko lomwe lino. Ndipo nthawi ya nkhondo, mabanja ambiri a ku Marávia anathawira ku Zambia, ena n'kukasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke, kumene munthu ankadziwika ndi khadi lolandirira chakudya. Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anabwerera kwawo. Ana amene anabadwira kumeneko ndi amene anabadwa atangobwerera, ndiwo lero akudzaza mabasi a ku Johannesburg.

Kale kulowa m'dziko la South Africa kunali kovuta kwambiri kwa munthu wa ku Mozambique. Pankafunika viza, ndipo viza sinkapezeka kwa munthu wamba wa kumudzi. Ambiri ankadumpha waya, umene m'zaka za m'ma 1980 boma la tsankho linauika magetsi ku dera la Komatipoort ndipo unapha anthu ambiri. Ena ankadutsa m'nkhalango ya Kruger, pakati pa mikango. Zinthu zinasintha mu Epulo 2005 pamene mayiko awiriwa anagwirizana kuchotsa viza. Kuyambira pamenepo, munthu wa pasipoti ya Mozambique amaloledwa kulowa n'kukhala mpaka masiku 30. Amalawi nawonso ndi masiku 30. A ku Zimbabwe, kuyambira mu 2009, amapatsidwa mpaka masiku 90.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri samvetsa. Masiku 30 amenewa ndi a mlendo. Ndi a munthu wodzacheza, wodzaona abale, wodzagula katundu n'kubwerera kwawo. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo lamulo la South Africa likunena chimodzimodzi. Chidindo sichilola munthu kugwira ntchito, ngakhale ya m'dimba, ya m'nyumba kapena yonyamula njerwa. Chilolezo cha ntchito ndi pepala lina, lopemphedwa munthu ali kwawo, ndipo limaperekedwa kawirikawiri kwa anthu a maphunziro ndi luso limene dzikolo likulisowa, kapena kwa amene alembedwa mwa pangano m'migodi ndi m'mapulazi. Choncho mnyamata amene amadinditsa mokhulupirika mwezi uliwonse, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe, amakhala wolungama pamaso pa wapolisi wa mumsewu, koma akamupeza atagwira fosholo pamalo omanga nyumba, mlandu ulipo, kwa iye ndi kwa bwana wake yemwe. Wagula masiku. Ntchito sanaigule.

Ulendo woyamba umadya chuma cha banja lonse. Mbuzi zimapita, matumba a chimanga amapita, nthawi zina ndi ndalama ya fodya ya chaka chonse. Mnyamata amakwera galimoto pa Fíngoè kutsata msewu wa ku Bene, umene kwa zaka zambiri wakhala wozunza nthawi ya dzinja, n'kukatsikira mu mzinda wa Tete. Kumeneko amapeza mabasi ochokera ku Malawi amene amalowa pa Zóbuè, kuwoloka Zambezi, kukatulukira pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Harare, kenaka Beitbridge, pa mtsinje wa Limpopo. Akamafika ku Johannesburg, pasipoti yake yatsopano ija yalandira kale zidindo zinayi, ndipo masiku ake ayamba kale kutha.

Sabata yoyamba imathera kufunafuna mbale amene analonjeza malo ogona. Yachiwiri, kufunafuna ganyu. Akangoyamba kuzolowera, anzake amamukumbutsa kuti aone tsiku la m'pasipoti.

Kubwerera ku Fíngoè kukadinditsa n'kosatheka, ulendo wake ndi wamasiku. Ndiye amapita pa malire apafupi. Ambiri amatsata msewu wa N4 kupita ku Lebombo, mtunda wa makilomita oposa 400 kuchokera ku Johannesburg, n'kutulukira pa Ressano Garcia. Mwana wa ku Marávia amaponda dothi la dziko lake pamalo amene sadziwapo munthu, pakati pa anthu olankhula Chishangani, amadya kanthu pa msika, mwina kugona usiku umodzi pa khonde, m'mawa n'kuimanso pa mzere wolowera. Ena amapita ku Beitbridge, kumene ndi kutali kuposerapo.

Powerenga bwino, ndi ulendo 12 pa chaka. Ulendo uliwonse ndi zidindo zinayi: kutuluka South Africa, kulowa Mozambique, kutuluka Mozambique, kulowanso South Africa. Pa chaka ndi zidindo 48. Masamba a pasipoti amatha nthawi yake isanakwane, ndipo yatsopano imafuna ndalama zina. Pamwamba pa izo pali ndalama ya galimoto kupita ndi kubwerera, chakudya cha m'njira, ndi masiku awiri kapena atatu amene munthu sanagwire ntchito, chonsecho ganyu salipira tsiku limene sunaoneke. Kwa wolandira zochepa, gawo lalikulu la thukuta lake limathera mu msewu. Imeneyo ndiyo ndalama imene amayi ake amaidikira ku Chiputo kapena ku Chipera, osaiona.

Ndipo palibe lonjezo lakuti akafika pa windo apatsidwa masiku 30 onse. Lamulo likuti mpaka 30. Wogwira ntchito pa malire ali ndi mphamvu yofunsa kuti ukupita kuti, ukakhala kwa yani, uli ndi ndalama zingati. Akatsegula pasipoti n'kuona kuti mwini wake wakhala akutuluka Loweruka ndi kulowa Lamulungu kwa miyezi khumi yotsatizana, safunika kuombeza kuti adziwe kuti ameneyu si mlendo wodzacheza. Angathe kulemba masiku ochepa, angathenso kumubweza. Anthu ambiri akalandira pasipoti amangoipisa m'thumba mosangalala osayang'ana chimene chalembedwa, poganiza kuti ndi 30 monga mwa nthawi zonse. Tsiku limene lili pa chidindo ndilo limagwira ntchito, osati limene lili m'mutu mwa mwini pasipoti.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu chifukwa chokhala nyumba imodzi ndi Amalawi ndi a ku Zambia, olankhula chinenero chimodzi. Malamulo a South Africa a mu 2014 amasiyanitsa mlendo wochokera ku dziko logundana nalo malire ndi wochokera kutali. Mozambique ndi dziko logundana nalo, choncho munthu wa kuno akatulukira pa Ressano Garcia wafika kwawo ndithu. Mmalawi akatulukira pomwepo sanafike kwawo. Lamulo limati woteroyo akabwerera apitirize masiku amene anatsala pa chidindo chakale, ndipo ngati anatha, angapatsidwe osapitirira 7. Ndiye nzeru imene yathandiza mwana wa ku Dedza si imene ingathandize mwana wa ku Fíngoè, ngakhale amadyera mbale imodzi. Wina akamalangiza mnzake m'chipinda usiku, ayenera kuyamba wafunsa mtundu wa pasipoti.

Tsiku limodzi, chaka chathunthu

Chaka cha 2014 chisanafike, munthu akapitirira masiku ankalipira chindapusa, nkhani n'kutha. Ambiri anazolowera zimenezo, moti ena ankachita kusungiratu ndalama yake. Kuyambira pa 26 Meyi 2014 chindapusa chinachotsedwa ndipo m'malo mwake munabwera chiletso. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa m'dzikomo kwa miyezi 12. Akabwerezanso pasanathe miyezi 24, chiletso ndi zaka 2. Wopitirira ndi masiku oposa 30, zaka 5. Amamupatsa pepala pa windo pomwepo akamatuluka, dzina lake n'kulowa m'kompyuta ngati munthu wosafunika, ndipo malire onse a dzikolo amaliona.

Ngakhale tsiku limodzi limawerengedwa. Munthu amene walowa pa 5 Januwale amaganiza kuti nthawi yake ikutha pa 5 Febuluwale, poti kwa iye mwezi ndi mwezi basi. Koma Januwale ali ndi masiku 31, ndipo pofika pa 5 Febuluwale masiku 30 atha kale. Munthu wotereyu anasunga ndalama ya galimoto, anapempha kwa bwana, anayenda usiku wonse kuti atsate lamulo, n'kukalandira chiletso cha chaka chathunthu chifukwa cha kalendala. Katundu wake yense, bedi, mapoto, wailesi ndi malipiro amene sanalandire, zatsalira m'chipinda cha lendi ku Johannesburg, iye ali pa Ressano Garcia ndi kachikwama kamodzi.

Njira yodandaula ilipo. Munthu angathe kulembera a Home Affairs kufotokoza chimene chinamuchedwetsa, monga matenda, ataika umboni wa kuchipatala. Koma zimafuna wodziwa kulemba Chingerezi, intaneti ndi kudikira, ndipo chifukwa chakuti bwana anachedwa kulipira sichimveka, poti munthuyo sanayenera kukhala pa ntchito n'komwe.

Chiletsochi chinabala chinthu chimene mwina olemba lamulo sanachiyembekezere. Munthu akazindikira kuti wapitirira kale, amaona kuti kupita pa geti ndiko kudzipereka yekha. Ndiye amangokhala. Mwezi umasanduka chaka, chaka zaka zisanu. Maliro a bambo ake amawamvera pa foni. Akafuna kubwera kwawo amadzera m'tchire, ndipo pobwerera amadzeranso m'tchire, m'manja mwa anthu owolotsa pa Limpopo amene mbiri yawo ya kulanda, kumenya ndi kugwirira amayi aliyense waimva. Akagwidwa m'tauni, njira yake ndi ya ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, kumene amachoka ndi zovala za m'thupi zokha. Ndipo wobwezedwa amatsitsidwa pa Ressano Garcia, kumwera kwenikweni kwa dziko, kuti adzionere yekha njira yofikira ku Tete.

Pasipoti yoyenda yokha

Chifukwa cha kutopa ndi ulendo wa mwezi ndi mwezi, panabuka malonda ena. Munthu amapereka pasipoti yake kwa dalaivala, kondakitala kapena wina wodzitcha kuti amadziwana ndi a pa malire, ataikamo ndalama pakati pa masamba. Pasipoti imapita yokha, mwini wake ali pa ntchito. Pakapita masiku angapo imabwera ili ndi zidindo zatsopano zooneka bwino. Mtengo wake ndi wocheperapo kusiyana ndi kupita wekha, ndipo ntchito siima. Kwa munthu wosauka zimaoneka ngati nzeru.

Koma mwini pasipoti alibe njira yodziwira kumene chidindocho chachokera. Mwina chadindidwadi pa malire ndi wogwira ntchito wolandira ziphuphu. Mwina chadindidwa m'chipinda china mu Johannesburg momwemo ndi chidindo chosema kapena chobedwa, pasipoti osafika n'komwe ku Lebombo. Pa maso zonse zimafanana. Kusiyana kwake kumaonekera tsiku limene mwini wake waima yekha pa windo, pa Khirisimasi kapena pa ulendo wa maliro. Pasipoti ikunena kuti anatuluka ndi kulowa kasanu ndi kamodzi. Kompyuta ikunena kuti analowa kamodzi mu Juni ndipo sanatulukenso. Pamenepo salinso munthu wongopitirira masiku, ndi munthu wa chidindo chabodza, umene ndi mlandu wa kukhoti. Dalaivala uja saonekapo, ndipo palibe lisiti imene inalembedwa.

Kuyambira mu 2023 malire a South Africa ali m'manja mwa bungwe latsopano la Border Management Authority, lotsogoleredwa ndi a Michael Masiapato. Bungweli lalengeza kangapo konse kuti lagwira anthu atanyamula mapasipoti ambirimbiri a eni ake, ndalama zili m'kati. Mapasipoti otero amalandidwa ngati umboni, ndipo eni ake amatsala m'tauni opanda pepala lina lililonse, osadziwa ngakhale kokadandaula, poti kudandaulako ndi kudziulula. Mu Ogasiti 2025 bungweli linayamba kugwiritsa ntchito zidindo zatsopano, chilichonse ndi nambala yake yolozera amene wachigwiritsa ntchito, pofuna kuthana ndi malonda omwewa.

Zoona zake n'zakuti malondawa sakanakhalapo pakanapanda a yunifolomu ena odyerapo, mbali zonse ziwiri za malire. Koma amene amagona m'chitokosi kawirikawiri ndi mnyamata wa kumudzi uja.

Ngakhale wopita yekha sakhala ndi mtendere wonse, chifukwa geti nalo limatsekedwa. Mu Malichi 2020 malire anatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19. Mu Novembala 2024, pa zipolowe zotsatira chisankho cha kuno, South Africa inatseka Lebombo kwa kanthawi, ndipo m'masabata otsatira kuwoloka kunali kwa apo ndi apo. Amene anadikira tsiku lomaliza kuti anyamuke anapeza mzere wa magalimoto wosaoneka mathero, masiku awo akutha ali chiimire mu msewu.

Za kufupi kuno

Sikuti malamulo a masiku ali ku Joni kokha. Wolowa Zambia pa geti, kudzera pa Cassacatiza m'boma la Chifunde n'kukadinditsa pa Chanida, kapena kuwoloka pa bwato kuchoka ku Zumbo kupita ku Luangwa, safuna viza, koma nayenso ndi mlendo wa masiku owerenga. Malinga ndi lamulo la dzikolo la mu 2010, mlendo wodzacheza amaloledwa masiku 90 pa miyezi 12, ndipo wobwerera za bizinesi masiku 30 pa miyezi 12. Kawirikawiri pa geti amalemba 30, ndipo wofuna kuonjezera amapita ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, monga ya ku Chipata kapena ku Lusaka, masikuwo asanathe. Poti amawerenga pa chaka, kutuluka ndi kulowanso sikubweza masiku amene adyedwa kale. Amene wakhala miyezi itatu ku Lusaka n'kuthamangira ku Chanida kuti akatembenuke, wangotaya ndalama ya basi. Chofunika kwa iye ndi chilolezo china chokhalira, chimene chimalipiridwa.

Izi zimakhudza kwambiri amene amaperekeza odwala. Anthu a m'malire akhala akudalira zipatala za mishoni za tsidya lija, monga Nyanje ndi St Francis ku Katete, chifukwa ndi pafupi kusiyana ndi ku Tete. Matenda sawerenga masiku. Wodikirira wodwala amene analowa ndi pasipoti ayenera kukumbukira chidindo chake ngakhale mtima uli ku wodi. Ndipo amene anadzera kanjira ka m'tchire adziwe kuti ulemu umene amapatsidwa m'midzi ya m'malire, kumene mafumu amamudziwa, umacheperachepera akamayandikira msewu waukulu wa Great East. Pa zotchinga za apolisi za ku Nyimba kapena pa mlatho wa Luangwa, mfunda sugwira ntchito. Amafuna pepala.

Ku Malawi, kaya munthu walowera pa Calómuè kupita ku Dedza kaya pa Zóbuè kupita ku Mwanza, amayambanso ndi masiku 30, amene angaonjezedwe ku ofesi mpaka 90 atalipira. Ndipo abale a ku Zambia ndi ku Malawi akabwera kuno ndi pasipoti, nawonso ali ndi masiku awo, ndipo akapitirira, a migração amawalipiritsa chindapusa cha tsiku lililonse. Mkamwini wa ku Petauke amene wakhala pa chikamwini kuno zaka khumi ndi mwana wa mudzi pamaso pa mfumu, koma pamaso pa boma ndi mlendo ndithu.

Mayiko a SADC anaona kale vutoli. Mu Ogasiti 2005 ku Gaborone anasayina pangano lofewetsa kayendedwe ka anthu, limene mwa zina limati nzika ya dziko lina la m'bungweli izilowa popanda viza kwa masiku 90 pa chaka. Mozambique ili m'gulu la mayiko amene analivomereza, koma kwa zaka zambiri panganoli lakhala pa pepala chabe chifukwa ovomereza sanakwane. Ndipo ngakhale litagwira ntchito, masiku 90 pa chaka sangathandize munthu amene akufuna kukhala miyezi 12 akugwira ntchito. Mwinanso angamupweteke, poti kuwerenga pa chaka kumatsekeratu njira yokadinditsa.

Asaganize wina kuti iyi ndi nkhani ya amphawi okha. Ku Maputo, azungu ambiri okhala ndi viza yolola masiku 30 pa ulendo umodzi ankachita zomwezi, kuyendetsa galimoto kupita ku Namaacha kapena ku Nelspruit, kugula zinthu m'sitolo, madzulo n'kubwerera ndi chidindo chatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ulendowo ankautenga ngati kokapuma. Mayiko a ku Ulaya a mgwirizano wa Schengen anatseka khomo limeneli powerenga masiku 90 pa masiku 180 alionse, kotero kuti kutuluka tsiku limodzi sikusintha kanthu. Dziko lino nalo, mu Meyi 2023, linachotsa viza kwa nzika za mayiko 29, kuphatikizapo Portugal, China ndi United States, koma linawaikira malire omwewo a masiku 30.

Zonsezi zimayambira pa pasipoti, ndipo kwa munthu wa ku Marávia pasipoti si chinthu chapafupi. Imaperekedwa ndi a SENAMI, ndipo ofesi yaikulu ya chigawo chino ili mu mzinda wa Tete, makilomita oposa 200 kuchokera pa Fíngoè. Kuti munthu apemphe pasipoti ayenera kukhala ndi BI, ndipo kuti akhale ndi BI ayenera kukhala wolembedwa m'kaundula wa obadwa. Ambiri amene anabadwira kothawa nkhondo sanalembedwe kulikonse. Ena anakula ndi reji ya ku Zambia m'thumba lina, BI m'thumba lina, dzina losiyana, chaka chobadwa chosiyana. M'malire muno zimenezo zinkayenda, ndipo zinathandiza mabanja ambiri pa sukulu ndi pa chipatala. Koma masiku ano pamene mapasipoti amasunga zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope m'kompyuta, munthu mmodzi wa mayina awiri savuta kumutulukira. Chimodzimodzi woletsedwa amene amati pasipoti yatayika kuti atenge ina yoyera: buku ndi latsopano, koma zala ndi zomwe zija.

Palinso chizolowezi chobwereka pasipoti ya mchimwene pofanana nkhope, ndi china chosiya pasipoti kwa bwana kapena kwa amene anakulipirira ulendo kuti ikhale chikole. Wogwirizira pasipoti ya mnzake wagwiriziranso masiku ake, pakuti tsiku lokadinditsa likafika mwini wake sangachoke popanda kupempha, ndipo likapitirira, sangachokenso n'komwe. Atsikana ambiri amene analonjezedwa ntchito ya m'nyumba anagwidwa ndi msampha umenewu.

Mwezi wa Disembala ukafika, magalimoto ochokera ku Tete amatsitsa pa Fíngoè anthu a mitundu itatu. Pali amene abwera ndi malata, njinga ndi masola, pasipoti ili bwinobwino, ndipo Januwale akamayamba akhala atabwerera kukayambanso kuwerenga masiku. Pali amene abwera ndi katundu yemweyo koma pasipoti ili ndi pepala lopindidwa m'kati, limene sakulionetsa kwa aliyense, ndipo akafunsidwa kuti abwerera liti amati ayambe athandiza kupalira. Woletsedwa zaka 5 mu Disembala 2024 adzaloledwa kuimanso pa windo la Beitbridge kumapeto kwa 2029.

Amtundu wachitatu satsika okha. Amatumiza chikwama ndi mnzawo, muli nsalu ya amayi, nsapato za ana ndi kandalama m'envelopu, ndi uthenga wakuti chaka chino mabwana akana tchuthi.